Ovaova ya M'boti la NaMilanzi

"Nanga ife tikamamira n'kuitana, kumtundako adzayankha ndani?"

Anafunsa ndi NaMilanzi, mwini wake wa boti lonyamula anthu pakati pa doko la Dikirani ndi chisumbu cha Anatiiwala. Anafunsa mokweza ndithu, pamsonkhano wa eni maboti, koma a Kwacheranji, Nduna ya Mphepo ndi Mawu Oyenda M'mwamba, anali akupinda kale chipepala chawo, ndipo ng'oma zotsekera msonkhano zinali zitayamba. Mu ufumu wa Zamveka munthu amaloledwa kufunsa, bola asaime n'kumadikira yankho.

Lamulo lomwe linawerengedwa tsikulo linali lalifupi. Boti lililonse likhale ndi wailesi yolankhulirana, ija anthu amangoti ovaova, ndipo wailesiyo ikhale ndi chiphaso cha ku nyumba yachifumu. Boti lopanda chiphaso limangidwe padoko. Likafika tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mfumu likadali lomanga, botilo likhala mphatso ya Mfumu.

Nyanja ya Sindikhuta inayamba kale kumeza anthu, ndipo nthawi zonse a ku nyumba yachifumu ankatumiza mawu achipepeso olembedwa bwino. Koma chaka chimenecho mwera unagubuduza boti lomwe linanyamula sofa watsopano wa Mfumu Ndanena Wachitatu. Anthu onse anasambira n'kupulumuka. Sofa, posadziwa kusambira, anapita pansi. Mbendera zinatsitsidwa, masukulu anatsekedwa, ndipo nduna zinazindikira kuti panyanja pamafunika chitetezo.

NaMilanzi sankadana nalo lamulolo. Boti lake, lotchedwa Pang'onopang'ono, analipeza atakazinga nsomba mpaka zala kuchita zipsera, ndipo amene ankaliyendetsa anali amuna ake, a Gama. Masiku a mwera iye ankangoima padoko maso ali kunyanja, mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati aphike za awiri kapena akaitane abale. Wailesi ankaifuna. Chomwe sankafuna n'chakuti Pang'onopang'ono akamangidwe maluwa n'kupatsidwa kwa munthu amene sanakwerepo boti chibadwire.

Choncho m'mawa mwake anatenga a Gama n'kupita kusitolo ya Gesitoni kumsika. Gesitoni ankagulitsa matiresi ndi masipoko a njinga, koma tsiku lomwe lamulo linatuluka mashelefu ake anadzuka atadzaza ma ovaova. Anthu ankati mnyamatayo amalota bwino. Ena ankangokumbutsa kuti anakwatira mlongo wawo wa a Kwacheranji.

"Mayi, iyi ndi yam'manja," anatero Gesitoni, akupukuta fumbi ndi malaya. "Yopepuka, yosavuta. Mawu ake amafika pomwe maso afika."

"Maso a ndani? A Gama awa chisumbu amachiona atachigunda."

"Ndiye muyenera iyi ya shotiwevu. Iyi mukalankhula muli pakati pa nyanja amakumvani mpaka ku likulu ku Mpandowanga. Koma ndi yodula, komanso ili ndi makani. Imafuna batire la galimoto, imafuna waya wautali wokweza pamlongoti, ndipo musamaiike pomwe mumathira nsomba."

"Madzi imaopa?"

"Owaza ayi. Koma ikagwera pansi pa nyanja imafa ngati wina aliyense."

NaMilanzi analoza ndi mlomo ina yonyezimira ngati golide, yomwe inali ndi nkhope ya Mfumu kutsogolo. "Nanga iyo?"

"Iyo ndiye akugula anzanu onse. Chiphaso chake chimatuluka tsiku lomwelo."

"Imafika kuti?"

Gesitoni anayang'ana kukhomo kaye. "Silankhula kwenikweni, mayi. Ndi yaulemu."

NaMilanzi anagula ya shotiwevu, mbuzi zake zonse zitalowa m'menemo. Asanachoke, Gesitoni anamuonetsa cholankhulira chake, kanthu kokwana m'dzanja, kokhala ndi batani pambali.

"Mukadina apa, kanyali kofiiraka kayaka, ndiye kuti mukulankhula ndinu. Winayo angomvetsera, ngakhale akuwe bwanji simumumva. Mukasiya batani, alankhula iye. Awiri nthawi imodzi, ayi."

"Ikanakhalapo ya m'nyumba yotero," anatero a Gama chapansipansi.

"Ilipo," anayankha mkazi wawo. "Ndiye mwaiwala kuti batani lili kwa ndani."

Kugula kunali kosavuta. Chiphaso ndiye chinamuonetsa zakuda. Ku ofesi ya Unduna wa Mphepo, mlembi wina wonenepa masaya anamufotokozera moleza mtima kuti mpweya wonse wa mu Zamveka ndi wa Mfumu. Kupuma n'kwaulere chifukwa cha chifundo chake, koma kuyendetsamo mawu kumafuna chilolezo. Anamutumiza ku chipinda china kukatsimikiza kuti botilo ndi boti. Kumeneko anamutumiza kwina kukatsimikiza kuti iye ndi iye. Kwachitatu anamuuza kuti wailesi yake yavuta, chifukwa malamulo omwe alipo ndi a mawailesi agolide aja, ndipo palibe anaganizako kuti wina angabwere ndi yolankhula.

"Mubwere mawa," anatero mlembi uja.

Anabwera mawa. Anabweranso mawa linalo. Nsapato zinatha chidendene, Pang'onopang'ono anayamba kumera ndere pansi, ndipo akazi a m'makwaya anali atayamba kale kuphunzira nyimbo za tsiku la kubadwa kwa Mfumu.

Chomwe chinamupulumutsa n'chakuti mphekesera inafika ku Mpandowanga. Ku nyumba yachifumu kunali chiwailesi chachikulu chomwe dziko lina linapereka kalekale, ndipo chinkangokhala chofunditsidwa nsalu chifukwa panalibe wolankhula nacho. Mfumu Ndanena itamva kuti kwapezeka mayi wa wailesi yeniyeni, inasangalala ngati mwana wogulidwa nsapato. Inalamula kuti mayeso a chiphaso ichititsa yokha: mayiyo aitane ali m'boti, Mfumu iyankhe ili pampando.

NaMilanzi anaitanidwa ku bwalo kuti akamve dongosolo. Tsono ku Zamveka kuli mwambo womwe mwana aliyense amaudziwa asanadziwe kuwerenga. Wolankhula ndi Mfumu amagwada, amawomba m'manja ndi manja onse awiri uku akutchula mayina aulemu a Mfumu monga Chiphaliwali, kenako amaika manja pamawondo, mutu pansi, osasuntha mpaka Mfumu itanena kuti, "Ndamva." Wosuntha dzanja mawuwo asanatuluke amalandidwa chomwe anadzera.

Nduna zinakambirana nkhaniyi kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya chakudya.

"Wailesi ilibe maso," inatero Nduna ya Ulemu ndi Magwadidwe, nkhalamba yowonda ngati bango. "Tidziwa bwanji kuti wagwada? Munthu atha kulankhula ndi Chiphaliwali atakhala pachidebe, mwendo uli pamwamba pa unzake. Dziko limatha choncho."

Nduna ina inati wailesiyo iziikidwa pansi penipeni kuti munthu asachitire mwina. Ina inati mawu a munthu wogwada amamveka okha, ndipo inagwada n'kulankhula kuti anzake amve kusiyana kwake. Sanakumve, koma anawomba m'manja. Pomaliza anagwirizana kuti a Kwacheranji akakhale m'botimo ngati mboni.

NaMilanzi anakweza chala. Munthu wamba salankhula yekha pabwalo, amanong'oneza mneneri wa Mfumu, ndiye mneneriyo amakonza mawuwo kuti akhale oyenera.

"Muwauze kuti batani limafuna chala," ananong'ona. "Sindingadine uku ndikuwomba m'manja."

Mneneri anaimirira n'kukonza kukhosi. "Chiphaliwali, mayiyu akuti zala zake zonse ndi zanu."

Bwalo lonse linang'ung'udza mokhutira, ndipo anapita kukadya.

Tsiku la mayeso linagwera tsiku la msika. Pang'onopang'ono anali womangidwa m'munsi mwenimweni mwa msika wa Dikirani, pomwe amayi amayala tomato ndi kukazinga nsomba, mwakuti munthu ali m'boti amatha kuitanitsa chigumu osaimirira. A Gama anali atakweza waya pansungwi yaitali, batire analikulunga m'pulasitiki, ndipo anavala jekete la ukwati. A Kwacheranji anafika ndi kapilo kawo kogwadira.

Onse atatu anagwada. NaMilanzi anadina batani n'kuyamba: "Inu Chiphaliwali, Mkango wa ku Mpandowanga..."

"Manja, mayi!" anakuwa a nduna. "Manja onse awiri!"

Anasiya batani n'kuyamba kuwomba.

"Nanga batani? Mukuwombera ndani, nsomba?"

"Ndidine ine," anadzipereka a Gama.

"Inu simuli pamaso pa Mfumu? Wombani!"

"Nanga inu bwana?"

A Kwacheranji anawayang'ana ngati awapempha kuti akape madzi m'boti. "Ine ndine mboni. Mboni sigwira."

NaMilanzi anaunguza uku ndi uku. Padengu la nsomba panali mphira yodula kuchubu cha njinga, ija amamangira katundu. Anaisolola, n'kukulunga nayo cholankhulira mwamphamvu mpaka batani linalowa, kanyali kofiira n'kuyaka. Anachikhazika pathabwa patsogolo pake, ndipo ndi manja aufulu anawomba bwinobwino, akutchula mayina onse: Chiphaliwali, Mkango wa ku Mpandowanga, Mwini Mphepo, Mtengo Wosagwa, Wolankhula Komaliza. Anatsiriza ndi mawu akuti, "Pang'onopang'ono akuitana nyumba yachifumu." Kenako anaika manja pamawondo, mutu pansi, kudikira "Ndamva."

Wailesi inali zii.

Ku Mpandowanga zonse zinamveka bwino lomwe, ngakhale kuwomba kwa a Gama komwe kunkatsalira m'mbuyo. Mfumu inadina batani lake n'kunena kuti, "Ndamva." Ndipo popeza cholankhulira chinali kale m'manja, inapitiriza. Inafotokoza mbiri ya nyanja, ya agogo ake omwe anailoleza kukhala pomwe ilipo, ndiponso makhalidwe abwino a malemu sofa. M'botimo simunafike ngakhale liwu limodzi. Mfumu itatopa inasiya batani kuti imve kuthokoza, ndipo m'malo mwake msika wa Dikirani unakhuthukira m'bwalo lachifumu.

"Akadali chogwada?" Ameneyo anali NaJere wa tomato, mawu ake odutsa injini.

"Sinayankhe," anatero mnzake wokazinga nsomba. "Mwina ikudya."

"Inayankhapo liti? Mlatho wa kwa Tidzaona tinapempha ine ndili namwali. Pano namwali ndi mwana wanga, ndipo nayenso amawoloka atakwinya chitenje."

"Iwe, paja anabwera kudzaika mwala wa maziko."

"Eya, mwala wabwino. Timachapirapo."

Kuseka kunamveka mpaka mbale zinagwedera. Bambo wina wogula fodya analowerera: "Za golide zija mwaziona? Mlamu wanga anatsegula yake kuti aone muli chiyani. Muli njerwa. Theka la njerwa, ndi nyuzipepala kuti isamagubuduke."

"Bola njerwa. Ukamamira imakufulumizitsa, osavutika nthawi yaitali."

"Amuna anga anapita ndi nyanja yomweyi," anatero mayi wina amene sanaseke nawo. "Mbendera sinatsike. Kapena akanakhala ndi miyendo inayi ndi nsalu yofewa."

Kenako wina anafunsa mtengo wa anyezi.

Ku bwalo lachifumu nduna zinauma ngati zitsa. Panalibe wolimba mtima kuzimitsa chiwailesicho, chifukwa anachiyatsa ndi Mfumu, ndipo chomwe Mfumu yayatsa amazimitsa ndi Mfumu. Mfumu inadina batani n'kulamula kuti onse akhale chete. Itasiya, NaJere anali akufotokoza za mimba ya Nduna ya Ulimi.

M'botimo mawondo anali atayamba kuyaka. NaMilanzi, mutu uli pansi, ankangoona matabwa ndi kanyali kofiira. Anakayang'ana kanyaliko kanthawi, kenako mawu a Gesitoni anamubwerera: kanyali kakayaka, winayo samveka. Mfumu sikanamuyankha mphira ili pomwepo. Kuti aichotse anayenera kusuntha dzanja, ndipo kusuntha dzanja kunali kupereka boti. Kuisiya kunali kupereka msika wonse, iye ndi boti lake pamwamba.

"Bwana," ananong'ona. "Mphira."

"Khalani chete, mayi."

"Bwana, kanyaliko..."

"Ndati chete! Mukuganiza kuti ine ndikumva kukoma?" A Kwacheranji anasuntha pakapilo kawo, thukuta lili kamukamu. "Nkhalamba imeneyi ikagwira cholankhulira imaiwala kuti anthu ali ndi mawondo. Pano ikuwauza makoma za agogo ake. Chaka chatha inatigwaditsa mpaka ndinakagona kuchipatala, nkhani yake ya mbuzi yomwe inalota."

NaMilanzi anatseka maso. Anayesa kutsokomola mokweza kuti aphimbe mawuwo. A Gama, poganiza kuti ndi mbali ya mwambo, anatsokomola nawo.

Dzuwa linali litafika paliwombo pamene njinga yamoto ya ku nyumba yachifumu inatulukira, fumbi lili koboo. Msilikali anatsika asanaimike bwino n'kuthamangira padoko.

"Mfumu yati chotsani chala!"

"Palibe chala, achimwene," anayankha NaMilanzi osadzutsa mutu. "Ndi mphira. Koma yati yamva?"

"Yamva, mayi. Yamva zonse. Ndi za njerwa zomwe."

Mawu amenewo anayenda mumsika mofulumira kuposa moto wa lupsa. Wa fodya uja anasowa ngati mame. NaJere anayamba kuuza aliyense kuti iye amanena za mfumu ina ya makedzana ya kutsidya, ndipo anayambitsa nyimbo ya tsiku la kubadwa ali yekha pakati pa tomato. A Kwacheranji anayesa kuimirira, mawondo anakana, ndipo anawanyamula ngati thumba la makala.

M'mawa mwake NaMilanzi anaitanidwa ku Mpandowanga pamodzi ndi mphira yake. Asananyamuke anapita padoko n'kuchotsa m'boti zonse zomwe zinali zake: chidebe chokapira madzi, nkhafi yapadera, kampando ka a Gama. Anasisita thabwa lakutsogolo pomwe analembapo dzina ndi penti yabuluu.

"Ukayenda siya phazi," anadandaula a Gama. "Ife tasiya milomo ya msika wonse."

"Inu tsalani muzichotsa ndere. Akalitenga alitenge loyera, asadzati NaMilanzi anali wauve."

Bwalo linali lodzaza. Nduna ya Ulemu ndi Magwadidwe inalankhula koyamba. Inati chiyambire ufumu palibe mdani, chilala kapena dzombe zomwe zinatsekapo pakamwa pa Mfumu, koma dzulo yatero ndi mphira ya chubu. Inapempha kuti mabatani onse m'dziko azulidwe, mawailesi atsale omvera okha, monga momwe anthu alili. Nduna ya Ulimi, itakoka mimba m'kati, inati msika wa Dikirani usamutsidwire kutali ndi mphepo. A Kwacheranji anafotokoza, monga katswiri, kuti mphepo ya kunyanja ili ndi khalidwe lotengera mawu a anthu olemekezeka, ndipo iwo amene anadabwa kumva liwu lofanana ndi lawo likuchokera m'mabango.

Nthawi yonseyi Mfumu sinalankhule. Zimenezi zinali zisanachitikepo, ndipo zinaopsa anthu kuposa kukalipa. Inangokhala pampando wake wakale, womwe unkalira ikasuntha, maso ali pa mayi wogwada kutsogolo kwake.

"Ibwere kuno," inatero pomaliza.

Mneneri anatenga mphira ija ndi nsonga za zala n'kuipereka pambale. Inali ikununkhabe nsomba. Mfumu inaitembenuza, inaikoka, n'kuisiya kuti ibwerere. Kenako inachita china chachilendo: inalankhula ndi munthu wamba mneneri ali pomwepo.

"Iwe mayi. Ukamanga ichi, winayo sangalankhule?"

NaMilanzi anawomba m'manja. "Atha kulankhula, Chiphaliwali. Kungoti samveka."

"Ngakhale akuwe?"

"Ngakhale akuwe."

"Ngakhale akhale ambiri?"

"Ngakhale dziko lonse, Chiphaliwali."

"Mpaka liti?"

"Mpaka womangayo atamasula yekha."

Mfumu inagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva uthenga womwe wakhala akuudikira moyo wake wonse. Inayang'ana chiwailesi chake, inayang'ana nduna zake mmodzimmodzi, ndipo pa a Kwacheranji maso anakhalitsa. NaMilanzi anaika manja pamawondo, mutu pansi, akuganiza kuti kaya mafuta okazingira nsomba akugulidwa bwanji masiku ano.

"Ndamva," inatero Mfumu. "Mayiyu mum'patse chiphaso chake lero, boti lake limasulidwe. A Kwacheranji azikwera nawo ulendo uliwonse mpaka mwera utatha." Inakulunga mphira ija kuzala zake n'kuilowetsa m'thumba la mkanjo. "Iyi itsala kuno."